Buku Lalikulu Silichiza Mbuzi

Tsiku lina, nditapuma kale pantchito ya uphunzitsi, kunyumba kwanga kunafika mnyamata wa Fomu 3 atakoleka chikwama paphewa. Atate ake ndinawaphunzitsa ndine kalekale, choncho iye ankanditcha agogo. Titalonjerana, anatulutsa m'chikwamamo buku lalikulu ngati njerwa ziwiri zosanjikiza, naliika pamphasa mwaulemu monga munthu wopereka mphatso kwa mfumu. "Agogo, ndayamba kukonzekera," anatero. "Ndikufuna kudzakhala dotolo wa ziweto."

Bukulo linali la Chingerezi, lofotokoza mafupa, minofu ndi mitsempha ya nyama, ndipo analembera ophunzira a kuyunivesite. Mnyamatayo analigula kwa munthu wogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu mumzinda, ndipo kuti ndalama zikwane atate ake anagulitsa mbuzi ziwiri. Ndinalitsegula. Masamba 30 oyambirira anali akuda ndi zala ndi mizere ya pensulo, koma ena onse, mazanamazana, anali oyera mbee ngati sanakhudzidwepo. Ndinamufunsa kuti m'khola mwawo mwatsala mbuzi zingati. Anati zinayi. Ndinamufunsanso kuti mbuzi imakhala ndi bere nthawi yaitali bwanji. Anayang'ana buku lija, nayang'ana ine, nangoti kukamwa yasa. Amayi ake, amene sukulu anailekezera Sitandade 4, akadandiyankha nthawi yomweyo kuti miyezi isanu.

Sindikumuseka mwanayu, pakuti khumbo lake ndi labwino ndipo dziko lathu likusowa anthu a khumbo lotere. Chimene ndikulimbana nacho ndi chikhulupiriro chimene chazika mizu pakati pa ophunzira, makolo ngakhalenso aphunzitsi ena, chakuti buku likakhala lalikulu, lokwera mtengo ndi lochokera kutsidya kwa nyanja, ndiye kuti lili ndi mphamvu yosandutsa mwana wa kusekondale kukhala dotolo. Ine ndikukana. Wofuna kudzaphunzira udotolo wa ziweto ayenera kulifunsa buku mafunso awiri asanalitulutsire ndalama kapena nthawi. Kodi likumanga pamwamba pa zimene iye akudziwa kale? Nanga nyama zimene likukamba ndi zomwe zili m'khola la kwawo? Buku lolephera mafunso amenewa lidikire nthawi yake, ngakhale chikuto chake chikhale chonyezimira chotani.

Kale nkhani imeneyi inalibe phindu kuikamba m'kalasi, chifukwa m'dziko muno munalibe sukulu yophunzitsa madotolo a ziweto. Ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu ndi ku Natural Resources College kufupi ndi Lilongwe kunkatuluka alangizi a ziweto, anthu amene agwira ntchito yotamandika m'madibi ndi m'midzi. Koma wofuna udotolo weniweni ankayenera kutuluka m'dziko, kupita ku Lusaka, ku Morogoro, ku Nairobi kapena kutali kuposa apo, ndipo mwayi wotero unkagwera anthu owerengeka. Zinthu zinasintha koleji ya Bunda itachoka mu University of Malawi mu 2012 n'kukhala maziko a yunivesite ya LUANAR, imene inatsegula maphunziro a udotolo wa ziweto. Madotolo oyamba ophunzitsidwa kwathu konkuno anamaliza maphunziro awo mu 2019. Tsono khomo layandikira, ana ambiri ayamba kulilota, ndipo ogulitsa mabuku nawo adziwa kuti munthu wa maloto sachedwa kumasula chikwama.

Khomo limenelo lili ndi mlonda, ndipo mlondayo ndi mayeso a MSCE. Osankha ophunzira safunsa kuti mwana ali ndi mabuku angati a kuyunivesite pansi pa bedi. Amayang'ana mmene wakhozera Bayoloji, Kemisitiri, Fizikisi, Masamu ndi Chingerezi. Ola lililonse limene mnyamata wanga uja ankathera kuloweza maina a Chilatini a mafupa a kavalo, nyama imene mwina sanaionepo chibadwire, linali ola lobedwa ku Kemisitiri, phunziro limene aphunzitsi ake anandiuza kuti ankalipeza movutikira. Kuthamanga sikufika, anatero akale.

Wina angaganize kuti ndikunena za kukhoza mayeso kokha. Iyayi. Mabuku ang'onoang'ono a Fomu 3 ndi Fomu 4, amene ana amawanyoza chifukwa aliyense ali nawo, ndiwo muli udotolo wa ziweto ukadali mbewu. Taganizani za ng'ombe. Imadya udzu umene m'mimba mwa munthu sungagayike, koma iyo imanenepa nawo, n'kutulutsanso mkaka. Chinsinsi chake chili m'chifu cha zigawo zinayi. M'chigawo choyamba, chimene ndi chachikulu koposa, mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso tosawerengeka, timene timasasitsa udzuwo monga mmene mowa umasasira mumbiya. Pakusasapo pamatuluka maasidi amene ng'ombe imapezamo mphamvu, ndiponso mpweya umene imayenera kugeya kosalekeza. Ng'ombe ikathyola nkhokwe n'kudya chimanga chambiri nthawi imodzi, asidi amachuluka kupyola muyeso, tizilombo tothandiza tija timafa, ndipo nayonso ikhoza kufa. Mpweya uja ukalephera kutuluka, mimba imatupa kumanzere ngati ng'oma mpaka nyamayo kubanika. Zonsezi, kodi si mutu uja wa maasidi, mutu wa kagayidwe ka chakudya, ndi mutu wa mmene zamoyo zimapezera mphamvu popanda mpweya wa okosijeni? Mwana amene anaimvetsa mitu imeneyi m'buku lake la kusekondale akadzafika ku Bunda adzangowonjezera denga pachipupa cholimba. Amene anailumpha pothamangira buku lalikulu adzakhala akufolera nyumba yopanda nsanamira.

Masamu nawo ali pomwepo, ndipo pa iwo pamafera ziweto zambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Pali mankhwala ena obaya, odziwika kwambiri kwa oweta ng'ombe, amene mlingo wake ndi mamiligalamu 20 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa nyama, ndipo m'mililita imodzi ya mankhwalawo muli mamiligalamu 200. Ng'ombe yathu yachikuda ya linunda, yolemera makilogalamu 250, iyenera kulandira mamiligalamu 5,000, ndiwo mamililita 25. Ng'ombe yamkaka ya ku Ulaya yolemera makilogalamu 600 iyenera kulandira mamililita 60. Wongoloweza nambala ya m'buku, osadziwa kuti nambalayo inachokera pa nyama yolemera motani, adzapyoza mlingo kapena kupereweza. Akapereweza, tizilombo toyambitsa matenda sitifa tonse, ndipo totsalato timazolowera mankhwalawo mpaka tsiku lina adzaleka kugwira ntchito m'mudzi monse. Chimodzimodzi posungunula mankhwala ophera nkhupakupa: kulakwitsa kuchuluka kwa madzi ndiko kusambitsa ng'ombe madzi achabe, kapena kuiwaula ndi poizoni. Amenewa ndi masamu a kuchulukitsa ndi kugawa, amene ali m'buku la Fomu 1.

Ndisanapitirire ndiyenera kudzudzula mbale wake wa buku lalikulu, amene ndi kabuku kopyapyala ka mafunso ndi mayankho, kaja ana amakatcha pamfuleti. Awiriwa amaoneka osiyana ngati njovu ndi mbewa, koma bodza lawo ndi limodzi: onse amalonjeza nzeru popanda kumvetsa. Mapepala a mayeso akale ndi abwino poyesera ngati phunziro lalowa. Koma timabuku tina timene timagulitsidwa m'misika sitidziwika ndi wolemba yemwe, ndipo ine ndapezamo mayankho olakwa amene ana anawaloweza mokhulupirika ngati katekisimu. Mwana woleredwa ndi pamfuleti akhoza kuwoloka mayeso, koma ng'ombe yodwala siidzamupatsa mayankho anayi kuti asankhepo limodzi. Buku lovomerezeka la m'silabasi, lowerengedwa kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, zithunzi zake zikujambulidwanso ndi dzanja la mwini, limaposa mtolo wa timabuku totere.

Tsono ndikudziwa chimene anzanga ophunzira bwino adzandiyankha. Adzati sayansi ilibe mtundu: mtima wa ng'ombe ya ku Dedza uli ndi zipinda zinayi monga mtima wa ng'ombe ya ku Scotland, ndipo mwana wa ku Malawi asamanidwe mabuku abwino a dziko lapansi ngati kuti nzeru zake ndi zochepa. Pamenepa akunena zoona, ndipo sinditsutsa. Pa kapangidwe ka thupi ndi kagwiridwe kake ka ntchito, mabuku otchuka a kunja, monga lija la Dyce, Sack ndi Wensing lofotokoza ziwalo za nyama zoweta, ndi chuma chenicheni. Wophunzira udotolo adzalifuna ndithu. Koma adzalifuna ali ndi mphunzitsi pambali, ali ndi mtembo wa nyama patebulo ndi mpeni m'manja, pakuti buku lotero analilemba kuti liziwerengedwa diso lina lili patsamba, lina lili pamnofu. Nthawi imeneyo aphunzitsi ake adzamuuza kuti ndi buku liti limene akugwiritsa ntchito, ndipo mwina adzalipeza m'laibulale osalipira kanthu. Kugula lero, mongoganizira, buku limene mwina silidzafunika n'komwe, ndiko kusoka malaya a mwana amene sanabadwe.

Komanso mawu akuti sayansi ilibe mtundu ali ndi malire ake. Thupi la ng'ombe ndi limodzi kulikonse, koma zimene zimaipha n'zosiyana malinga ndi dziko. Buku lolembedwera ophunzira a ku Britain kapena ku America limathera masamba ochuluka pa agalu ndi amphaka a m'nyumba, pa akavalo a mpikisano, ndi pa ng'ombe zamkaka zokhala m'makola a simenti. Olembawo sanalakwe, chifukwa ndizo nyama zimene ophunzira awo adzakumana nazo. Koma kwathu kuno chiweto cha pafupifupi banja lililonse la kumudzi ndi nkhuku yoyendayenda, mbuzi n'zochuluka kuposa ng'ombe kangapo, ndipo matenda amene amasautsa mlimi wathu ena a iwo m'mabuku akunjawo amangopatsidwa ndime imodzi pansi pa mutu wa matenda achilendo.

Chitsanzo choyamba ndi nthenda ya ng'ombe imene m'mabuku amaitcha East Coast fever, yofala m'chigawo chapakati ndi chakumpoto. Imabwera ndi nkhupakupa zofiirira zokonda kuluma m'makutu. Ng'ombe imatentha thupi, mwanabere amatupa pansi pa khutu ndi kutsogolo kwa phewa, kenaka mapapo amadzaza madzi, thovu n'kumatuluka m'mphuno, ndipo pakatha masabata atatu kapena anayi chilumidwire nyamayo yagona. Ng'ombe zamkaka zochokera kunja, zija alimi amazipeza movutikira, ndizo zimafa msanga koposa. Ku Ulaya ndi ku America nthendayi kulibe. Nzeru zake zinapezeka mu Africa momwe muno. Kachilombo kake kamatchedwa Theileria parva potengera dzina la Arnold Theiler, amene anayambitsa malo ofufuzira matenda a ziweto a Onderstepoort ku South Africa. Njira yotetezera ng'ombe, yozibaya kachilombo kamoyo pamodzi ndi mankhwala ochepetsa mphamvu yake kuti thupi liphunzire kudziteteza, inakonzedwa ku Muguga m'dziko la Kenya m'zaka za m'ma 1970. Ndipo katemera ameneyu wakhala akupangidwa ku Lilongwe, pa Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases. Kodi si chinthu chomvetsa chisoni kuti mwana wa ku Lilongwe adziwe matenda a mphaka wa ku London, osadziwa chimene chikupangidwa kuseri kwa nyumba yake?

Nanga chigodola cha nkhumba? Woyamba kuchifotokoza m'mabuku anachiona ku Kenya, ndipo analemba za icho mu 1921. Chilibe mankhwala ochiza, ndipo chikalowa m'mudzi makola amatsala pululu. M'zaka za m'ma 1980 ofufuza anapeza kachilombo kake m'nkhufi zobisala m'ming'alu ya makola a nkhumba m'boma la Mchinji, ndipo zimene anapezazo zimatchulidwa ndi akatswiri a maiko ambiri. Chitafika ku Georgia mu 2007, n'kufalikira mpaka ku China mu 2018 kumene chinapulula nkhumba mamiliyoni, dziko lonse linayamba kufunafuna nzeru zimene zinatoledwa m'makola onga a kwathu. Mwana wa ku Mchinji amene anaonapo nkhumba zikufa motsatizana, naona nyama yake ikugulitsidwa mobisa pamsika n'kufalitsa nthendayo kumidzi ina, ali kale ndi tsamba loyamba la phunziro limene mnzake wa ku Ulaya amangolimva.

Ngakhale pa nthenda imene ili konsekonse, malangizo a buku amatsata chuma ndi malamulo a dziko la wolemba. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi atabuka ku Britain mu 2001, boma la kumeneko linapha ziweto zoposa 6 miliyoni kuti liwathetse, eni ake n'kulipidwa. Kuchigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene nthendayi imabukabuka ndipo njati za m'nkhalango zimasunga kachilombo kake, njira imene imatsatidwa ndi katemera ndi kuletsa kuyendetsa ziweto. Dotolo amene angaimirire pamaso pa mlimi wa ku Ngabu n'kumuwerengera tsamba la ku Britain, kuti ng'ombe zake zonse ziphedwe, adzachoka pamudzipo ali liwiro. Za kashembe wa kufupi ndi nkhalango za Nkhotakota, Kasungu ndi Vwaza, amene amapatsira kaodzera ng'ombe ndi anthu omwe, sindinenapo zambiri. Ndingokumbutsa kuti David Bruce, amene anazindikira kachilombo koyambitsa nthendayi m'ng'ombe, anadzafufuzanso m'dziko lathu lino nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanayambe.

Apa otsutsa aja adzabweranso, nati: chabwino, koma mabuku onena za kwathu ali kuti? Alipo, kungoti sanyezimira. Pali buku lalikulu la matenda opatsirana a ziweto lokonzedwa ndi Coetzer, Thomson ndi Tustin, limene linatuluka mu 1994 poganizira makamaka za kumwera kwa Africa. Limenelo ndi la mtsogolo, koma ndi bwino kulidziwa dzina. La msinkhu wa wophunzira wa kusekondale ndi Where There Is No Vet la Bill Forse, la mu 1999, lolembedwa m'Chingerezi chosavuta, lokhala ndi zithunzi zambiri, ndipo analembera anthu okhala kutali ndi dotolo. Pali kabuku ka Robyn Alders ndi Peter Spradbrow ka mu 2001 kophunzitsa kuteteza nkhuku za kumudzi ku chitopa. Pali timabuku ta bungwe la FAO. Merck Veterinary Manual, imene inayamba kusindikizidwa mu 1955, imawerengedwa pa intaneti popanda kulipira, ndipo ndi yothandiza pofufuza mawu amodzi kapena nthenda imodzi, osati kuiwerenga ngati nthano. Ndiponso musanyoze zolembedwa za Unduna wa Zamalimidwe, ngakhale makope akale a Za Achikumbi amene mungawapeze kwa alangizi. Muli chinthu chimene yunivesite siidzakupatsani: mawu a Chichewa olankhulira ndi mlimi. Dotolo wa anthu amafunsa wodwala kuti pakupweteka ndi pati. Mbuzi siyankha. Woyankha ndi mayi kapena mnyamata wobusa, ndipo iye sadzati nyamayo ili ndi diarrhoea. Adzati ikutsegula m'mimba, yaleka kubzikula, ubweya wanyankhalala. Dotolo wosamva chilankhulo chimenechi ndi wogontha, angakhale ndi madigiri angati.

Pogula kapena pobwereka buku, yang'anani chaka chimene linasindikizidwa, ndipo dziwani kuti ukalamba wa mabuku suli umodzi. Buku la mafupa la mu 1975 likadali loona, poti mbuzi sinawonjezere nthiti chiyambire chaka chimenecho. Koma buku la mankhwala ndi la matenda limakalamba ngati ndiwo zamasamba. Lakale lidzakuuzani kuti mdani wamkulu wa ng'ombe mu Africa ndi mliri wa rinderpest, umene unapululadi ng'ombe ndi nyama zakutchire kuchokera kumpoto chakum'mawa kwa Africa mpaka ku South Africa m'zaka za m'ma 1890. Koma nthendayi inalengezedwa mu 2011 kuti yatheratu padziko lonse. Lidzakulangizani madibi a mankhwala a arsenic amene anasiyidwa kalekale, ndi mankhwala ena amene maiko ambiri analetsa kupatsa nyama zodyedwa chifukwa amatsalira m'nyama ndi mumkaka. Mabuku ambiri a m'mbali mwa msewu, ndi ena obwera m'makatoni ngati mphatso, ndi amene eni ake anawachotsa m'mashelefu pa chifukwa chomwechi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sindikufuna kuti wina amve ngati ndikuletsa kuwerenga kosangalatsa. Amene wapeza nkhani za James Herriot, dotolo wa ziweto wa ku Yorkshire, aziwerenge ndithu, ndipo ine ndinaseka nazo mpaka misozi. Zidzamulimbitsa Chingerezi, chimene adzachifuna kwambiri chifukwa maphunziro onse a kuyunivesite ali m'chilankhulo chimenecho, ndipo zidzamuonetsa kuti ntchitoyi ndi ya ndowe, magazi ndi kudzutsidwa pakati pa usiku. Angokumbukira kuti akuwerenga za alimi a ku England a zaka za m'ma 1930 ndi 1940. Wophunzira amene sanamalizepo buku lililonse la nkhani m'Chingerezi asadzinamize kuti adzapirira masamba 1,000 a sayansi.

Chimene chimandiwawa koposa ndi chakuti ana athu ali ndi mwayi umene ophunzira a m'mizinda ya ku Ulaya amachita kuulipirira, koma iwo amauchitira manyazi. Kunjako wofuna kulowa sukulu ya udotolo wa ziweto amayenera kusonyeza kuti anagwirapo ntchito pafamu kapena pachipatala cha nyama, ndipo amayenda mitunda kufunafuna woti amulole kugwira nkhosa. Wathu anabadwira pakhomo pa khola, koma akangovala yunifolomu ya kusekondale amaona ngati kubusa ndi ntchito ya osaphunzira. Pamwambo pakaphedwa mbuzi iye amakhala patali kudikira nyama yowotcha, chonsecho pamenepo ndiye pali chithunzi chenicheni cha zimene zili m'buku lake la Bayoloji. Ayandikire, aone zigawo zinayi za chifu, china chonga thaulo, china chonga zisa za njuchi, china cha masambamasamba ngati buku. Afufuze m'chiwindi ngati muli tinyongolotsi taphanthiphanthi tija timabwera kudzera m'nkhono za m'madambo. Pomwe akupha nkhumba ayang'ane ngati mumnofu muli timatuza toyera tonga mpunga. Amenewo ndi ana a nyongolotsi imene imakulira m'matumbo a munthu wodya nyama yosapsa, ndipo mazira ake akamezedwa ndi munthu akhoza kukafika kuubongo n'kuyambitsa khunyu. Akabwerera kubuku ataona zimenezi, tsamba limene dzulo linali louma lidzayamba kulankhula. Ndipo adzazindikira kuti dotolo wa ziweto amatetezanso anthu: galu mmodzi wolandira katemera wa chiwewe ndi ana angapo opulumuka ku imfa yoopsa.

Kwa makolo ndinena mwachidule. Mwana akakupemphani ndalama za buku, mufunseni kuti wamuuza ndani kuti aligule. Ngati si mphunzitsi wake wa phunzirolo, kapena munthu amene akuphunzira udotolowo pakali pano, mbuzi zanu zikhale m'khola. Safunsa anadya phula. Ndalama zimenezo zikhoza kugula mabuku onse a sayansi a m'silabasi, n'kutsalako za nyali yowerengera.

Mnyamata wanga uja sanakondwe ndi mawu anga, ndipo ndinaona kuti akundiyesa nkhalamba yansanje. Komabe tinapangana. Buku lake lalikulu linatsala pashelefu yanga, kuti adzalitenge tsiku limene adzandionetse kalata yomuitana kuyunivesite. M'malo mwake ndinamubwereka buku la Kemisitiri la Fomu 3 lothothoka chikuto, ndipo ndinamutumiza kwa mayi wina wa m'mudzi mwathu amene anaphunzitsidwa kutemera nkhuku. Inali nyengo yotentha, pamene chitopa chimakonda kusesa makola. Anayenda naye tsiku lonse khomo ndi khomo, akugwira nkhuku pamene mayiyo ankadontheza dontho limodzi la katemera wa I-2 m'diso la iliyonse, nauza eni ake kuti adzabweranso pakatha miyezi inayi.

Madzulo anafika kwanga fumbi lili mbuu, manja atakandidwa ndi zikhadabo za atambala. Anati pali chimene sichikumumveka. Mayi uja analibe bokosi la madzi oundana. Kabotolo ka katemera anakakulunga m'kansalu konyowa, nakaika m'kadengu kolowa mphepo, ndipo kansaluko kakayamba kuuma ankakanyowetsanso. Madzi a pachitsime, osazizira n'komwe, angaziziritse bwanji botolo dzuwa likuswa mtengo? Ndinamufunsa chifukwa chimene madzi a mumtsuko wadothi amakhalira ozizira kuposa a m'ndowa yachitsulo, ndi chifukwa chimene munthu wotuluka thukuta amamvera kuzizira mphepo ikamuomba. Anaganiza kanthawi, kenaka anandipempha buku la Fizikisi. Tinapeza mutu wonena za madzi akamasanduka nthunzi, mmene amatengera kutentha kwa chinthu chimene akhudzana nacho. Anauwerenga pakhonde pomwepo mpaka mdima unamulepheretsa kuona zilembo, ndipo bukulo anapita nalo kwawo.